Chitsime cha Mafuta M'dimba la a Esitere

Zaka zimenezo palafini ankabwera ngati mlendo wa kutali: tsiku lofika osalidziwa, ndipo akafika sankagona. Ku Mozambique kunali nkhondo, sitima za mafuta zinasiya kudutsa, makoloboyi athu n'kuyamba kuchita dzimbiri pamazenera. Sindikunena kuti tinkavutika kwambiri. Tinkangogona msanga, ndipo zotsatira zake anadzaziona ndi aphunzitsi a Sitandade 1 patapita zaka.

Mudzi wathu unali kumunsi kwa Nathenje, mbali yopita ku Diamphwe. Nkhani za dziko tinkakazimvera pa golosale ya a Mbaraka, pamsewu waukulu, chifukwa ndi iwo okha amene mabatire sankawathera. Masana ena m'chilimwe, amuna atadzaza benchi la pakhonde, wailesi inanena kuti boma lapereka chilolezo kwa kampani ya kunja kuti ifufuze mafuta pansi pa nyanja. Ambiri a ife nyanjayo tinali tisanaione. Tinkaidziwa ndi usipa wouma wa pamsika, ndipo usipawo sunkanunkha palafini.

"Mwamva?" anatero a Gilibati akudzuka pabenchipo. "Ndinkanena ine."

Palibe amene ankakumbukira kuti ananenapo, koma a Gilibati sanali munthu womufunsa tsiku. Kwawo kunali ku Mitundu. Kwathu anadzakwatira a Esitere n'kumanga nyumba pamalo a akazi awowo, monga akamwini onse. Asanakwatire anagwirapo ntchito yothira mafuta m'galimoto ku tauni ya Lilongwe. Anagwira nyengo yochepa, koma nyengoyo inkatalika chaka ndi chaka akamaifotokoza. Ovololo ya buluu ya pantchitopo anaisunga, ndipo ankaivala pa zochitika zofunika nzeru.

"Azungu awa ayambira kumapazi," anapitiriza. "Inu a Mbaraka, madzi a dambo lathu amapita kuti?"

"Ku Diamphwe."

"Diamphwe?"

"Ku Linthipe."

"Linthipe?"

"Kunyanja, ngati sanasinthe."

"Ndiye mafuta ali kunyanjawo anachokera kuti? Munaonapo mafuta akukwera phiri?"

Funsolo linali lolemera, ndipo dzuwa linkatentha.

"Ine ndimangogulitsa, achimwene," anatero a Mbaraka akuchepetsa wailesi. "Mukawapeza mundiuze. Mgolo wanga wa palafini akugonamo mphaka."

Kudambo a Esitere anali ndi dimba. Linali la amayi awo, ndipo chitsime cha pakati pake anakumba ndi amayi awowo, a Esitere akadali kumsana. M'mbali munali nthochi ndi mizimbe, pakati mabedi a mpiru, kabichi ndi matimati. Dimba limeneli ndi limene linkadyetsa nyumbayo nkhokwe ikayamba kuoneka pansi, ndipo aliyense ankadziwa kuti lidzakhala la Anna, mwana wawo wamkazi. Pamwamba pa madzi a chitsimecho pankayandama kanthu kowala, kamitundumitundu ngati utawaleza. Zitsime zambiri za m'dambo zili nako. Amayi ankangokakankha ndi pansi pa ndowa n'kutunga.

A Gilibati kudimba sankapitapita. Ankati msana unawonongeka ndi pampu ya ku tauni. N'chifukwa chake a Esitere atawaona m'mawa wotsatira akutsetsereka ndi ovololo, anaimitsa kaye ndowa, poganiza kuti mwina Mulungu wamva. Amuna awo anawadutsa n'kukagwada pachitsime. Ananunkhiza. Anaviika chala, kuchiyang'anitsa padzuwa, kenako kuchinyambita.

"Mayi a Anna, izi zayamba liti?"

"Ziti?"

"Zowalazi."

"Ndinabadwa n'kuzipeza. Tengani ndowa inayo, mpiru wa uko sunamwe."

A Gilibati anapukusa mutu mwachisoni. "Zaka zonsezi mwakhala mukuthirira mpiru ndi chuma cha dziko."

"Ndipo inu mwakhala mukuudya."

A Gilibati anatulutsa botolo m'thumba la ovololo n'kuyamba kuwengula pamwamba pa madzi mosamala, ngati namwino wa ku Nkhoma akuyeza mankhwala.

Botololo analitengera kwa a Mbaraka, amene anavomera kuti aliyese mu koloboyi wawo. Anthu anasonkhana. A Mbaraka anayatsa machesi, chingwe cha koloboyi chinangoti tsss. Anayatsa ena, chinabwereza mawu omwewo.

"Ndi osayenga," anatero a Gilibati modekha. "Mafuta osayenga sayaka. Akanayaka ndikanada nkhawa."

Anthu anagwedeza mitu. Kunali kovuta kutsutsa munthu amene kulephera kwa moto kwamusangalatsa chotero.

Zikanathera pomwepo, ngati nkhani zambiri za pabenchi, pakanapanda msonkhano wa chipani wa Loweruka. Misonkhano imeneyo inkachitikira pabwalo la sukulu, ndipo sankaitana munthu kawiri. Tcheyamani wa dera lathu anali a Jeremiah, bambo wamfupi wa jekete yakuda imene ankaivala ngakhale mu Okutobala, baji ili ng'ani ng'ani pachifuwa. Atatha kulankhula za umodzi ndi kumvera, inkafika nthawi ya mphatso zopita kwa akuluakulu a boma. Wopereka ankaimirira n'kunena mphatso yake, anthu n'kuomba m'manja. Wina mazira, wina nkhuku. Wofuna kutchuka ankapereka mbuzi n'kukalira kunyumba.

Tsiku limenelo, nkhuku zitatha, a Gilibati anaimirira atakweza botolo m'mwamba. Anafotokoza za dambo, za Diamphwe, za Linthipe ndi za phiri limene mafuta sangakwere. Anati azungu akuvutika pachabe ndi mafunde pamene gwero lili pano, pouma, pafupi ndi msewu wa tala.

"Choncho ine Gilibati Mbewe," anatero, mawu akunjenjemera ndi ulemu umene ankadzipatsa, "ndikupereka dimba lija, pamodzi ndi chitsime chake, m'manja mwa boma. Lipereke chilolezo kwa amene likufuna, adzakumbe, dziko liwale."

M'manja munalira ngati mvula pamalata. Nthungululu zinamveka. A Esitere anali pakati pa amayi, atavala nsalu ya chipani ngati anzawo, ndipo nawonso anaomba. Masiku amenewo manja osaomba ankaoneka patali.

Lolemba anyamata a chipani a malaya ofiira anatsikira kudambo ndi zikhomo zopaka penti yofiira kumutu. Anazikhoma mozungulira dimba n'kumangirira chingwe cha khonje. A Jeremiah anaima pa chulu n'kulengeza kuti akuluakulu a ku Lilongwe adziwitsidwa, ndipo kufikira atabwera, malowa ndi a boma. Wolumpha chingwe walowa m'malo a boma. Wotunga madzi waba mafuta.

"Nanga ndiwo zanga, a tcheyamani?" anafunsa a Esitere ali chogwada.

"Mayi, chitukuko chili ndi zowawa zake," anayankha a Jeremiah, akupukuta thukuta limene jekete inkawabweretsera.

Dzuwa la Okutobala silinadziwitsidwe za chilolezo. Mpiru unayamba kugwetsa makutu. Matimati anakwinyika ali pamtengo. M'mawa uliwonse a Esitere ankakatunga madzi kumtsinje, kutali, n'kudzaima kunja kwa chingwe n'kuwakhuthula mwamphamvu kuti aulukire mkati. Madziwo ankafika pa bedi loyamba lokha. Kenako ankaima pamenepo ndi ndowa yopanda kanthu, akuyang'ana chitsime cha amayi awo chili tho ndi madzi, mikono yowerengeka kuchokera pamene kabichi ankafera.

Akuluakulu a ku Lilongwe sanabwere. A Gilibati anati ndi mmene boma limagwirira ntchito zikuluzikulu. Anthu anali atayamba kuwatchula a Manijala, ena moseka, koma iwo ankayankha onse mofanana. Ankayenda ndi ndodo kuyeza pamene msewu wa mathanki a mafuta udzadutse. Anauza a Mbaraka kuti golosale yawo idzafunika kusunthira kumbuyo pang'ono, koma asade nkhawa, adzawalankhulira.

Madzulo ena, dzuwa likupendeka, a Esitere anawapeza pakhonde akupukuta botolo lija.

"Bambo a Anna, pitani mukawauze a tcheyamani kuti munalakwitsa."

"Ndinalakwitsa chiyani?"

"Kabichi akufa."

"Kabichi! Anthu tikukamba za mathanki, inu kabichi."

"Mathankiwo tidzadyera nsima? Pitani mukabweze mawu anu."

Apa a Gilibati anaika botolo pansi n'kuyang'ana uku ndi uku. Mawu awo anatsika, ndipo kwa kanthawi anasiya kukhala a Manijala.

"Mphatso ya boma sabweza, mayi. Mukufuna ndipite kumene anapita aphunzitsi aja?"

Aphunzitsi aja anali a Sitandade 7, amene anafunsa pamsonkhano kuti mazira onsewa amadya ndani. Galimoto inawatenga ali ndi choko m'manja, ndipo nyumba yawo inali itamera kale udzu pakhomo. A Gilibati anali opusa, koma a Esitere sankafuna kuti apusire kundende. Dimba ankalifunanso. Zinthu ziwirizi anagona nazo, n'kudzuka nazo.

Tsiku la chigayo anakakhala pamzere pafupi ndi a Jenipher, akazi a tcheyamani, amene ankatsogolera nyimbo za amayi pamisonkhano. Anayamba ndi za kutentha, kenako za ufa, kenako anangoti:

"Amuna anga atchuka, mwaona?"

"Taona, asisi."

"A tcheyamani sangalole kupambanidwa ndi munthu wamba. Msonkhano ukubwerawu adzafuna m'manja mwawomwawo. Kaya adzapereka chiyani. Munda wanu wa fodya uja uli pabwino, pafupi ndi msewu."

A Jenipher anasiya kupeta. "Munda wa agogo anga?"

"Langanso linali la amayi anga."

Chigayo chinkalira, ndipo zimene anakambirana pambuyo pake palibe anazimva. Pobwerera a Esitere anadzera kwa mlongo wawo wamkulu, a Efulemu, amene anali nkhoswe ya banja lawo. Anawapeza akufolera chigafa cha fodya. A Efulemu anali munthu wochedwa pa chilichonse: kuyenda, kuyankha, ngakhale kuyetsemula. Anamvetsera ali padenga, udzu uli m'manja.

"Achimwene, mudzalankhula kapena ndidzalankhule ndekha?"

"Ndimaganiza," anatero a Efulemu.

"Mwaganiza mpiru wonse mpaka wauma."

A Efulemu anamanga udzu wina, n'kuumanganso. "Ndidzalankhula. Koma undiuze bwinobwino zimene alamu ananena za phiri zija."

Msonkhano wotsatira, nthawi ya mphatso itakwana, a Efulemu anaimirira. Anthu anadabwa, chifukwa munthuyu anali asanalankhulepo pagulu chiyambire ufulu wodzilamulira. Anavula chipewa. Anayamika boma, anayamika chipani, anayamika misewu, feteleza, mtendere ndi bata, mpaka a Jeremiah anayamba kumwetulira ngati zonsezo anapanga ndi iwo.

"Ife a kubanja," anatero pomaliza, "tanyadira kuti mlamu wathu ali ndi mtima wopatsa. Mphatso yake isabwezedwe, ayi. Wobweza mphatso ya boma si mnzathu."

"Si mnzathu!" anavomera anyamata a malaya ofiira.

"Nkhawa yathu ndi imodzi. Akatswiri akadzabwera ndi makina awo, adzafunsa kuti malo ano anapereka ndani. Tidzati mkamwini. Ndiye boma lathu, boma laulemu chonchi, lidzaoneka ngati munthu amene walandira mbuzi yobwereka. Ine manyazi amenewo sindikufuna kuti agwere boma."

Kumwetulira kwa a Jeremiah kunaima pamene kunali.

"Koma alamu si munthu wopanda malo," anapitiriza a Efulemu. "Malo ali nawo, kwa amayi awo ku Mitundu, kumene mchombo wawo unagwera. Dambo liliko, lalikulu kuposa lathuli. Tikupempha kuti zikhomo za boma zikakhomedwe kumeneko, kumene woperekayo ali ndi mawu, kuti pasadzakhale mlandu."

A Gilibati anadumpha. "Koma alamu, mafuta ali kuno!"

"Alamu, ine sukulu sindinapite. Zonse ndaphunzira kwa inu. Munati mafuta sakwera phiri, amatsika ndi madzi. Kodi Diamphwe asanafike kuno sachokera mbali ya kwanu? Ife tili kumunsi kwa Mitundu. Tikakumba kuno tichita ngati azungu aja, kuyambira kumapazi."

A Gilibati anatsegula pakamwa. Mlamu akanatha kumutsutsa. Koma amene anali patsogolo pawo tsopano anali a Gilibati a pabenchi, katswiri wa mafuta, ndipo ameneyo anali asanalakwitsepo. Anatseka pakamwa n'kukhala pansi.

Maso onse anapita kwa a Jeremiah. Iwo anayang'ana akomiti awo, amuna anayi pabenchi, ndipo anakumbukira zimene aliyense pabwalopo ankadziwa: onsewo anali akamwini. Amuna ambiri amene anaomba m'manja tsiku lija analinso akamwini. Dimba linaperekedwa ndi mlendo, n'kulandiridwa ndi alendo, eni ake atakhala pansi pa fumbi akuimba. Pamzere wakutsogolo a Jenipher ankayang'ana amuna awo ngati mmene amayang'anira mbuzi yoyandikira ufa woyanika.

"A tcheyamani," anatero a Jenipher mokoma, mawu awo a nyimbo aja, "inunso mukadzafuna kupereka malo, kwanu ndi ku Likuni, eti?"

Nthungululu imene inatsatira inali yaitali kuposa ya mphatso iliyonse chaka chimenecho, ndipo palibe akanaimba mlandu munthu chifukwa cha nthungululu.

A Jeremiah anakonza baji. Anatsokomola. Anati komiti inali itaona kale vuto limeneli ndipo inkangodikira kuti anthu alione okha, chifukwa chipani sichikakamiza munthu. Zikhomo zizulidwe lero lomwe. A Mbewe, monga mwini mphatso, azipititse okha ku Mitundu.

Anyamata omwe anakhoma aja ndi amene anazula. A Gilibati anamangirira zikhomo ndi chingwe cha khonje pa keliyala ya njinga, botolo m'thumba. Ali pafupi kukwera, a Esitere anatuluka m'nyumba ndi mkeka wopinda ndi bulangete, n'kuzimangirira pamwamba pa zikhomozo, mfundo ziwiri.

"Izi n'zachiyani, mayi a Anna? Ndibwera mawa."

"Ntchito ya boma imatenga nthawi. Munanena nokha."

A Esitere sanadikire kuti njinga ikhote. Anatenga ndowa ziwiri n'kutsikira kudambo, Anna ali pambuyo ndi chitini chothirira. Anakankha kowala kaja ndi pansi pa ndowa n'kutunga, ndipo anathirira mpaka nthaka inasiya kumwa. Mpiru unali utapita. Matimati anapita. Kabichi wa bedi loyamba, uja ankamuponyera madzi pamwamba pa chingwe, anadzuka, pamodzi ndi wina wowerengeka wa pafupi ndi nthochi. Chaka chimenecho nyumba ya a Esitere inadya nkhwani wouma nthawi yaitali kuposa mmene inazolowerera.

Ku Mitundu a Gilibati analandiridwa ndi mlongo wawo, a Zipora, amene ankasunga malo a amayi awo. Anamvetsera nkhani yonse, ya nyanja, ya phiri ndi ya chilolezo. Kenako anafunsa ngati achimwene adya. Zikhomo anazitenga n'kumangirirapo mbuzi kuseri kwa nyumba, ndipo mbuzi zimenezo zinali zokhazo m'boma lonse la Lilongwe zodya udzu zili pa katundu wa chipani. Za dambo la amayi awo, a Zipora anati achimwene akhoza kuliyang'ana mmene angafunire, bola ali pamsewu.

A Gilibati anabwerera kwathu mvula yoyamba itagwa, ndi nkhoswe yawo ndi tambala kukhwapa. Ankhoswe anakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya a Efulemu. A Esitere sanafune zambiri. Anati bambo a Anna abwerere, ndi bambo a mwana wawo, ndipo nyumba yopanda munthu wolankhula imatopetsa. Koma popeza aonetsa chidwi chachikulu ndi chitsime, chilimwe chilichonse wotunga ndi wothirira akhale iwowo. A Gilibati anatchula za msana. A Efulemu anaganiza nthawi yaitali, kenako anati msana umene wapalasa njinga ya zikhomo mpaka ku Mitundu wachira.

Za kunyanja, wailesi inazitchulanso kangapo, kenako inapeza nkhani zina. Ena ankati sitima ya azungu inayendayenda pamadzi ikumvetsera pansi, n'kubwerera kwawo ndi zimene inamva. Palafini anabweranso mwakachetechete, mphaka wa a Mbaraka n'kusamuka mumgolo. A ku Lilongwe aja sanafike, kwathu kapena ku Mitundu, ndipo a Jeremiah sanawatchulenso.

Benchi lija kulibe tsopano, ndipo pamene panali golosale pali sitolo ya mafoni. Dimba likadalipo. Amalima ndi Anna, ndipo amuna ake, mnyamata waulemu wa ku Dedza, amafunsa kaye asanathyole ngakhale mzimbe. Koma amene tinkadutsa kudambo zaka zotsatira zija timakumbukira a Gilibati m'mamawa wa chilimwe, ovololo itatuwa m'mawondo, ndowa ziwiri m'manja. Akafika pachitsime ankagwada, ndipo asanakankhe kowala kaja ankayamba akuyang'ana kaye, mutu utapendekeka, kwa nthawi yotalikirapo kuposa imene kutunga madzi kumafuna.

"Alipo ndithu," ankanena chapansipansi. "Nthawi yake sinakwane."

Ndipo kuchokera kumabedi, osadzutsa mutu, a Esitere ankayankha:

"Kabichi akudikira, a Manijala."